Wamasiye wa ku Manja

"Firiji imeneyo ikatuluka pakhomo pano, inenso ndituluka nayo," anatero mai Halimatu ataima pachitseko, manja ali m'chiuno.

Che Hamdani anali atagwira kumutu kwa firijiyo, pomwe Nazir, mwana wa mlongo wawo, anali atagwira kumiyendo. Onse thukuta linali kamukamu. Anaitsitsa pakati pa balaza kuti apume.

"Mai a Khadijah, ndi kwa masiku ochepa chabe," anatero Che Hamdani akupukuta nkhope ndi chisoti chawo. "Ikungopita apa kwa aneba athu, mai Ida."

"Nanga mafirizesi ndimagulitsawa ndiziumitsa ndi chiyani? Ndi mpweya wa m'kamwa mwanu?"

"Muzikaumitsira komweko. Magetsi ake ndi omwewa, akazima kuno ndiye kuti azimanso uko."

"Yalakwanji firiji m'nyumba mwake?"

Apa Nazir anakonza pakhosi. Mnyamatayu anachoka m'Blantyre akukwawa, n'kukakulira ku Mangalande, moti Chichewa chake chinkayenda ngati ngolo ya tayala limodzi. Ntchito yake inali yoyenda m'maiko n'kumajambula makanema a pa intaneti, ndipo chaka chimenecho ankajambula mizinda imene iye ankati inafa mafakitale atatsekedwa.

"Anti," anatero iye, "anthu a ku Ulaya akaona firiji, mtima wawo umatseka. Akaona mphasa, umatseguka. Ndiye firiji, wailesi ya kanema, masofa, zonse zibisale kaye."

"Blantyre wafa liti, mwanawe? Dzulo ndinali ku Limbe, anthu kuchita kupondana zidendene."

"Wafa mwa mbiri, anti."

"Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa," analowererapo Che Hamdani. "Mwanayu akuti oonerawo akandimvera chisoni asonkherana andigulire galimoto. Kasiyenta kanga mukukadziwa, kamadzuka pokhapokha anthu akakakankhira kumtsetse. Mukufuna Khadijah adzapite ku ukwati wake anthu akukankha?"

"Kalumo kakuthwa kamametanso ndi khutu lomwe. Mlendo ndi mame, bambo a Khadijah. Uyu dzuwa likatuluka mumupeza kulibe, koma inu mutsala m'Manja momwe muno ndi nkhope yanuyo."

"Nkhope siilipira mafuta."

"Ndipo, anti," anawonjezera Nazir akutulutsa chitenje chong'ambika m'chikwama, "inu mudzavala ichi. Ndagula dala pa kaunjika."

Mai Halimatu anachiyang'ana chitenjecho, n'kuyang'ana amuna awo. Kenaka anapatuka pachitseko paja mwaulemu wochititsa mantha.

"Dutsani nayo. Ine ndizikaswera komweko ndi firiji yanga. Umphawi umene mukuufunawo muuvale nokha, ukukwanani."

M'mawa mwake Che Hamdani ndi Nazir anauyamba ulendo wa ku mafakitale a ku Makata, anyamata a pa siteji atawakankhira kasiyenta kaja mpaka kumtsetse. Che Hamdani ankaudziwa msewu umenewo ngati chikhatho chawo, chifukwa unyamata wawo wonse anathera pa fakitale ya maambulera, akuyendetsa lole yokasiya katundu m'masitolo kuyambira ku Nsanje mpaka ku Karonga. Tsopano mageti ambiri anali adzimbiri, machumuni ali duu osatulutsa utsi, ndipo pa khoma lina panamera mtengo wa mpapaya. Nazir anasangalala ngati wapeza chuma.

Pa geti la fakitale ija anapeza a Morris, amene kale ankadula nsalu za maambulera koma tsopano anali mlonda.

"Adalaivala, mukadali moyo?" anatero a Morris akuwagwira chanza. "Mwabwera kudzafunsira ntchito?"

"Ndabweretsa mlendo adzaone pomwe tinkagwira. Muli chiyani masiku ano m'katimu?"

"Mbali iyi ndi tchalitchi cha mneneri wina. Uko kuli anyamata owotcherera mageti. Kwinaku n'kosungirako katundu."

"Katundu wanji?"

"Maambulera ochokera kunja. Ndimalondera maambulera a eni m'nyumba imene tinkapangiramo athu. Denga lake likudontha, ndiye mvula ikamagwa ndimabwerekako imodzi."

Nazir anaimika foni yake pa kamtengo ka miyendo itatu n'kupempha kuti pakhale bata, poti mzinda wakufa suchita phokoso. Atangoti ayambe, kwaya ya m'tchalitchi muja inayamba kuyeserera nyimbo ndi zokuzira mawu. Kwaya itapuma, owotcherera anayamba kudula chitsulo. Iwo atasiya, mai wina wootcha chimanga pa geti anaseka chikhakhali chomveka mpaka ku phiri la Ndirande. Nazir anazungulira mpanda wonse kufunafuna pamene panafa bwinobwino, mpaka anapapeza kuseri kwa zimbudzi, pa windo losweka lomera chitedze.

"Ankolo, imani apa. Muyang'ane kumwamba, kenaka mulire."

Che Hamdani anayang'ana kumwamba. Anafinya maso, anaganizira maliro onse amene anapitako, anaganizira ngakhale mtengo wa petulo, koma msozi osabwera.

"Sizikutheka, mwana wanga. Ndadya bwino m'mawa."

A Morris, amene ankaonerera atatsamira chibonga chawo, anatsegula kontena ya chakudya chawo n'kutulutsamo tsabola wa kambuzi.

"Tikitani chala apa, adalaivala, kenaka mupukute m'maso ngati mwagwa kachitsotso."

Misozi inabwera, ndipo inabwera ndi abale ake. Che Hamdani analira, mamina ali chuchuchu, akupondaponda pansi ndi kuitana mai awo amene anamwalira kalekale. Nazir ankangogwedeza mutu kuseri kwa foni, akuti sanaonepo chisoni chozama chotero.

Maso atayamba kuona, Che Hamdani anapezeka ataima pa simenti yong'aluka pomwe pankaoneka mzere wachikasu wofufutika. Pamenepo ndi pomwe ankaimika lole yawo. Anakumbukira belu la masana likalira, anthu akutuluka pa geti ngati mafulufute, njinga zili ngwe ngwe ngwe, ndi mtsikana wina wamakani amene ankagulitsa zitumbuwa pa geti pomwepo n'kumakana kukongoza madalaivala. Mtsikanayo ndi amene tsopano anasamuka ndi firiji. Anatembenukira kwa Nazir.

"Nazir, bwera ndikuuze mmene kunkakhalira kuno. Fakitale ino itatsekedwa, anthu..."

"Batire yatha, ankolo. Komanso zija zakwana kale."

Masiku otsatira anayendayenda. Ku Limbe Nazir anasankha kupitako Lamlungu m'mawa masitolo ali otseka, n'kujambula zitseko zachitsulo ndi galu mmodzi wodutsa pamsewu. Anajambula njanji yomera udzu, koma sitima ya katundu itatulukira ikuliza hutala, anatembenuza foni kuyang'anitsa kumwamba mpaka inadutsa. Anatuluka m'tauni kulowera ku Chigumula mpaka ku Bvumbwe, kumene msika unali utasefukira ndi kabichi, tomato ndi mbatata. Pamenepo sanajambule kalikonse. Anangodya tchipisi cha mbuzi mbale ziwiri, n'kugula mapeyala odzaza jumbo. Pobwerera anaimitsa galimoto pa khola lina la ng'ombe lakugwa, mapiri a tiyi a ku Thyolo akuonekera chapatali.

"Ankolo, khalani pa chitsa icho. Iyi ndi nyumba imene munabadwira."

"Ine ndinabadwira m'Limbe, kuseri kwa sitolo ya agogo ako."

"Oonera sakudziwa."

"Koma ndowe zikuoneka."

"Ndizidula."

Chomaliza chinali cha kunyumba. Balaza linali mbee, masofa ali kwa aneba. Che Hamdani anavala malaya otsukira galimoto n'kukhala pa mphasa, patsogolo pawo pali kapu ya madzi. Nazir anayankhula Chingerezi chothamanga, mawu atawatsitsa ngati wolengeza maliro pa wailesi. Che Hamdani Chingerezi ankachimva ndithu. Anamva bwinobwino mnyamatayo akunena kuti bambo wosaukayu mkazi wake wamwalira posachedwapa chifukwa chosowa mankhwala. Anadzidzimuka, n'kutsegula pakamwa. Kenaka m'maso mwawo munadutsa galimoto yoyera, ya matayala atsopano, yodzuka ndi kiyi. Anatseka pakamwa paja n'kuweramitsa mutu.

"Zija wanena za anti ako zija," anatero pambuyo pake, "si zoopsa?"

"Anti anakana kuoneka, ndiye ndinayenera kufotokoza kumene ali. Musadandaule, kanemayu ndi wa ku Ulaya. Kuno sadzafika."

Mawa lake Nazir anakwera basi ya ku Mwanza, akuti ku Mozambiki kulinso mizinda ina yomwe ikumudikira kuti ife.

Kanema wa ku Ulaya uja sanathe sabata asanafike m'Manja. Anayamba ndi makondakitala a pa siteji, amene ankati akaona kasiyenta kaja amavula zipewa n'kuweramitsa mitu. Amai a pa mjigo ankasiya kukamba Che Hamdani akamadutsa. Khadijah, amene ankasoka zovala pa shopu ina ku Limbe, anabwera madzulo ena maso ali psuu n'kudzitsekera kuchipinda osapereka moni. Mai Halimatu okha ndi amene sankadziwa kanthu, chifukwa foni yawo inali kwa okonza, ndipo panalibe munthu m'dera lonselo wolimba mtima kuti awauze kuti anamwalira.

Kenaka foni ya Che Hamdani inayamba kulira. Anali a Kulusumu, akulu awo a mai Halimatu, akuimba kuchokera ku Ntaja. Che Hamdani anaiyang'ana mpaka inasiya. Inaliranso, anaiika pansi pa pilo. Italira kachitatu anaizimitsa, n'kudziuza kuti nkhani ikasowa woiyankha imafa yokha.

Loweruka masana, akupukuta mapulagi a galimoto pabwalo, anamva kulira kukuchokera kumsewu. Lole ya matani atatu inakhota pa kanjira kawo itadzaza anthu, nkhuni, matumba a mpunga ndi mbuzi imodzi ya sadaka. Amai anatsika akulira, a Kulusumu ali patsogolo.

"Alamu, mwatiyesa agalu ife?" anatero a Kulusumu atagwira malaya a Che Hamdani. "M'bale wathu mwamuika m'manda ngati mphaka, osatiuza? Timve pa foni ya mwana wasukulu? Tikuimbirani, inu n'kumazimitsa?"

"Alamu, khalani pansi kaye ndifotokoze."

"Mufotokozera kumanda. Tiperekezeni pomwe mwamuika."

Amai aja analowa m'nyumba, ndipo ataona balaza lopanda kanthu, poti katundu uja anali asanabwezedwe, kulira kunakwera.

"Ngakhale firiji yake wagulitsa kale," anatero wina. "Dothi lisanaume."

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Che Hamdani anangoima ndi pulagi m'manja, akuyang'ana aneba amene anali atadzaza kale pa mpanda, ena atakwera pa milu ya njerwa kuti aone bwino.

Nthawi yomweyo mai Halimatu anatulukira kuchokera kwa mai Ida, atasenza bokosi la mafirizesi, atamva kuti kwawo kwagwa zovuta. Anadutsa pakati pa anthu n'kuima pakhomo.

"Wamwalira ndani?"

Amai a ku Ntaja anatulukira pa khomo la kuseri onse nthawi imodzi, moti chitseko chinachoka ndi mahinjesi omwe. Dalaivala wa lole anadzitsekera m'galimoto mwake. Mbuzi inadula chingwe. A Kulusumu okha ndi amene anatsala, akunong'ona mapemphero onse amene ankawadziwa. Kenaka anatambasula dzanja n'kutsina m'bale wawoyo pamkono.

"Mukunditsiniranji, achemwali?"

"Ndiwe wofunda," anatero a Kulusumu, n'kuyambiranso kulira, tsopano mwa mtundu wina.

Khadijah ndi amene anatulutsa foni n'kuwaonetsa mai ake kanemayo. Mai Halimatu anaonera kuyambira poyamba mpaka pothera, amuna awo akulira kuseri kwa zimbudzi, amuna awo atakhala pa khola la ng'ombe, amuna awo akuweramitsa mutu pa mphasa. Khadijah ankawamasulira Chingerezicho. Atamaliza, mai Halimatu anabweza foniyo bwinobwino.

"Ndinafa ndi chiyani?"

"Akuti kusowa mankhwala," anayankha Khadijah.

"Bola. Ndimaopa kuti mwina anena njala, anthu aziti sindinkadziwa kuphika."

Asanayankhe aliyense, pa mpanda panaima galimoto ina. Munatuluka bambo ake a Ayman, mnyamata amene ankayembekezera kukwatira Khadijah. Bambowo anali munthu wa sitolo ya zitsulo ku Limbe, woyankhula pang'onopang'ono ngati akuyeza misomali pa sikelo. Anapereka salamu, anakana mpando poti panalibe, n'kuima pafupi ndi Che Hamdani.

"Che Hamdani, makasitomala akundipepesa m'sitolo. Ena akuti ndikulowetsa mwana wanga pa banja lopemphetsa. Zimenezo sizikundivuta, umphawi si mlandu, ndipo tonse mafakitale aja atatsekedwa tinaulawako. Chikundivuta n'chakuti mai awa ndinawaona dzana akugula shuga. Ndiye ndimati ndidzafunse. Munthu amene waika mkazi wake m'manda ali moyo chifukwa cha galimoto, mpongozi angamuike pati zinthu zitavuta?"

"Ndi mwana uja, bambo. Ine sindinanene kanthu."

"Ndi pomwepo pamene pali nkhani. Simunanene kanthu."

"Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu," anatero a Kulusumu akupukuta m'maso.

"Izi sanadye mwana yekha," anayankha mai Halimatu. "Wamkuluyu ndiye anagwedeza mtengo."

Bambo a Ayman ananena kuti za ukwati ziyambe zaima. Bodza linanenedwa pagulu, ndiye liyenera kubwezedwanso pagulu, Lachisanu ku mzikiti anthu akatha kuswali. Zikatero adzakhalanso pansi.

Anthu a ku Ntaja sakanabwerera ndi njala, choncho mpunga wa sadaka uja unaphikidwa ndithu, mbuzi itagwidwa kuseri kwa tchalitchi cha mai Ida. Malemu anadya nawo, n'kupemphanso chiwindi. Koma alendo atachoka, masofa ndi firiji zitabwerera m'malo mwake pamsana pa Che Hamdani, mai Halimatu anakhala pa sofa n'kutambasula miyendo.

"Mai a Khadijah, kodi madzi osamba alipo?" anafunsa Che Hamdani mwaulemu.

"Mukufunsa ndani?"

"Inuyo."

"Akufa satereka madzi."

"Nanga tiyi?"

"Munaonapo mzimu ukukoleza mbaula? Ndinu wamasiye, bambo. Dziko lonse likudziwa. Phunzirani kudzisamala."

Sabata imeneyo Che Hamdani anaidziwa mbaula. Anapsereza mpunga, anachapa malaya oyera pamodzi ndi chitenje chofiira, anapita ku mjigo ndi ndowa amai akuwapatsa mpata mwachifundo ngati munthu woferedwa. Usiku wina anayesa kupepesa.

"Ndinkafuna Khadijah adzakwere galimoto yabwino."

"Khadijah akusowa pobisa nkhope, inu mukukamba za matayala," anatero mai Halimatu, ulendo uno osaseka. "Fakitale itatsekedwa munakhala chaka chathunthu osagwira ntchito. Tinagona ndi madzi m'mimba, ine ndikukazinga zitumbuwa mwana ali kumsana, koma sitinapite pamsewu kukatambasula dzanja. Nthawi imene tinali osauka zenizeni palibe anabwera ndi foni. Lero tadzikoka tokha, mwana wa dzana akubwera kudzatibweza m'matope kuti azungu amuombere m'manja, inu n'kumugwirira nyali. Chimene chikundiwawa si imfa munandipatsayo. Mwafufuta zaka zonse zija ngati sindinagwire kanthu."

Che Hamdani anadzuka n'kupita kukatsuka mbale.

Lachisanu anaimirira mu mzikiti. Ananena zonse, za firiji, za khola, za kuweramitsa mutu. Atafika pa tsabola wa kambuzi, akuluakulu a kutsogolo anayamba kutsokomola m'zisoti zawo, ndipo Shehe anayang'ana kudenga nthawi yaitali mapewa akugwedezeka. Potuluka, bambo a Ayman anawagwira chanza n'kunena kuti ankhoswe akumane mwezi ukaoneka.

Za galimoto yoyera zinathera pa uthenga umodzi wochokera kwa Nazir. Anati oonera anasonkhadi, koma zonse zinalowa m'zofunika za ulendo, ndipo ankolo asataye mtima chifukwa nkhope yawo tsopano ikudziwika dziko lonse. Khadijah anajambula bambo ake ataima pambali pa mai ake ndi firiji, akufotokoza zoona zake, n'kuika pa intaneti pomwepo. Amene anaonera sakanadzaza ngakhale minibasi imodzi.

Patapita masabata angapo, m'mawa wina Che Hamdani akusesa pabwalo, poti malemu anali atayambiranso kuphika koma tsache anali asanalilandire, pa mpanda panaima azungu awiri, mwamuna ndi mkazi, zikwama zili kumsana. Mkaziyo ananyamula nkhata ya maluwa. Mwamunayo anali atakweza kale foni m'mwamba. Anati aona kanema uja kwawo, ndipo abwera kudzaona mzinda wakufa, fakitale ija, ndi manda a mai aja ngati n'kotheka. Anati alipira bwino galimoto ya tsiku lonse.

Che Hamdani anayang'ana kasiyenta kawo, kamene kanali katatsamira pa mwala tayala limodzi litaphwa. Atacheuka anapeza mai Halimatu ataima pakhonde, akupukuta manja pa chitenje.

"Akuti chiyani alendowo?"

"Akuti akufuna kukaona manda anu."

Mai Halimatu anawayang'ana alendowo kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zawo zafumbi. Anatsika pakhonde, n'kulandira maluwa aja ndi manja awiri, n'kuwanunkhiza.

"Achokera kutali, ndipo akuoneka kuti sanadye," anatero. "Auzeni kuti malemu akuti alowe amwe tiyi, amve mmene mzinda uno tinaukhalira. Koma mafoni awo awasiye pakhomo pamodzi ndi nsapato."